Brigediya wa Gulu la Gwirireko

Inu ana, khalani pansi. Pemphero, chotsa chala m'mphuno, ndikukuona ngakhale ndili kuno ku Doha. Chisomo mumupatse chinangwa atseke pakamwa. Iwe Tadala usabisale kuseri kwa chitseko, bwera kutsogolo kuno, poti kalata yonseyi yabadwa chifukwa cha mano ako. Esinati, uwerenge mokweza, ndipo usadumphe mzere ngakhale umodzi. Khalidwe lako ndikulidziwa.

Mayi anuwa, Esinati, anandiimbira foni Lachinayi ndili pa shifiti. Akuti Tadala waluma khutu la Gifiti, mwana wa a Kamanga a pagolosale, mpaka kuchipatala amusoka. Akuti mlandu wake ndi woti Gifitiyo ananena kuti agogo ako si Brigediya wa asilikali, ndi mlonda chabe. Ahedi agamula kuti Lolemba pa asembule Tadala apepese pamaso pa sukulu yonse, apo ayi asadzapondenso pasukulupo, mayeso a Sitandade 8 akalembere kumtengo wa mango. Ndipo akuti mwini manoyo wakanitsitsa. Akuti sangapepese poti amateteza zoona.

Nditamva ndinapsa mtima. Ndinamenya khoma la kanyumba ka pageti mpaka wotchi inagwa. Poyamba ndinakwiyira Gifiti, ndinafuna kukwera ndege kudzamaliza khutu linalo. Kenako ndinakwiyira ahedi. Nditaweruka, ndili chikhalire pa bedi langa lapamwamba kuno ku Umm Ghuwailina, ndinamupeza munthu woyenera kumukwiyira. Ndi amene akulemba kalatayu.

Ndiye tcherani makutu, amene mudakali nawo onse awiri, mumve mbiri ya moyo wa ine agogo anu Fatsani.

Musaseke. Ndikudziwa kuti zaka makumi atatu sindinakwanitse ndipo imvi ndilibe. Koma ugogo sayezera imvi. Ine ndine mzime, ndinabadwa anthu atasiya kale kundiyembekezera, achemwali anga aakulu atabereka kale Esinati. Mayi anuwa amandiposa zaka zitatu, anandiberekapo kumbuyo, anandimenyapo ndi mthiko, koma mwambo ukuti ine ndine malume awo ndipo inu ndinu zidzukulu zanga. Amene sakugwirizana nazo akadandaule kwa makolo kumanda.

Kale lathu, ana inu, moyo unali wolimba. Inu lero mumangokhwekhwereza chala pa galasi la foni, kanema n'kutuluka. Ife foni inali ya mabatani, ya tochi kumutu, ndipo inali imodzi mudzi wonse. Kukaitchaja kunali kuyenda wapansi mpaka kwa ometa tsitsi ku Mponela, n'kuidikira ngati wodwala kuchipatala. Mpira tinkakulunga tokha ndi majumbo, ukaumenya ndi mutu n'kumva fungo la usipa. Galimoto inali ya mawaya. Chigumu chinali chigumu ndithu, cholemera ngati njerwa, ukadya m'mawa umakumbukira njala mawa lake. Osati timakeke tanuti tomwe timasungunuka musanatafune.

Ndipo kunali vidiyo sho. Kachisakasa ka mapepala akuda, mabenchi a slabu, jenereta ikulira kuseri. Kumeneko ndi kumene matenda a usilikali anandigwirira. Ndinkaonera mafilimu a nkhondo, munthu mmodzi akugonjetsa dziko lonse atamanga kansalu kumutu, ndipo potuluka ndinkayenda manja ali tang'a ngati ndili ndi zithupsa m'khwapa. Ndinkaphwanya zitsekerero za mabotolo ndi mwala n'kuzisokera paphewa kuti zikhale nyota. Mbuzi za a Chisale oyandikana nafe nyumba zinavutika nane kwambiri, poti ndizo zinali adani.

Tsono imvani za sukulu, Tadala makamaka iwe.

Ndili Fomu 2, monitala analemba dzina langa pa mndandanda wa olongolola. Ine tsiku limenelo ndinali mtulo pa desiki. Ndinamufunsa bwinobwino, “Munthu wogona alongolola bwanji?” Iye anati, “Umaliza mkonono.” Kalasi yonse inaseka. Chofufutira pabolodi chinali pafupi, mphuno yake inalinso pafupi, zinthu ziwirizi zinakumana. Ahedi a nthawi imeneyo anayankhula ngati ahedi akowa: “Lolemba upepese pa asembule.”

Ine ndinati, “Ndipepese ine? Bola kufa.”

Ndinanyamula makope n'kutuluka ngati munthu wa mu filimu uja. Anzanga anandiperekeza akuwomba m'manja. Kuwomba m'manjako kunathera pa mjigo. Belu litalira onse anathamangira m'kalasi, ine n'kutsala ndekha ndi amayi otunga madzi, mmodzi n'kundipempha kuti ndimusenzetse ndowa.

Zitatha izo ndinapalasa kabaza mpaka akatumba anga anauma ngati mizu. Ndinagulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Atalengeza kuti akulemba asilikali ndinapita, ndinathamanga kuposa onse, ena ndinawadutsa kawiri. Pa tebulo anati, “Satifiketi ya Fomu 4?” Ndinati, “Bwana, miyendoyi simunaione?” Anati miyendo ndi ya aliyense, ngakhale nthiwatiwa ili nayo. Ndinakathera pa ulonda ku Lilongwe, chibonga m'manja, wenzulo m'khosi, udzudzu uli ngati msonkhano wa chipani. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti ku Qatar akufuna alonda.

Za ndege ndidzakuuzani pamaso, kungoti batala ndinadya payekha ndi sipuni poyesa ndi phala la azungu. Titatera, chitseko chitatseguka, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Ndinayesa kuti ndaima pafupi ndi injini, ndinasuntha. Ndinasunthanso. Ana inu, injiniyo inali dziko lonse.

Tsiku lachitatu anatipatsa yunifomu. Buluku la buluu wakuda, malaya a matumba awiri, jombo zonyezimira zoti ungametere ndevu. Paphewa lamanzere panali baji, ndipo pa bajipo panalembedwa mawu awiri achingerezi: SUPPORT BRIGADE. Ndinakhala pansi. Misozi inalengeza. Ndinati Mulungu sagona, usilikali umene anandimana kwathu wanditsatira m'chipululu.

Bajiyo ndikufotokozereni bwino, poti ndi imene yadyetsa khutu la mwana wa eni. Ndi chishango chofiirira. Pakati pali mbalame yotambasula mapiko, akuti ndi kabawi amene Aarabu amamukonda kuposa ana awo, ngakhale kuti yanga itachapidwa kangapo ikuoneka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Phazi limodzi lagwira kiyi. Phazi linalo lagwira chinthu chobulungira chokhala ndi kakhosi. Pansi pali malemba achiarabu opindikapindika.

M'chipinda mwathu munali a Banda, bambo a ku Kasungu, munthu wamkulu amene wakhala kuno kuyambira misewu ina isanamangidwe. Ndinawaonetsa baji ija.

“A Banda, ili ndi bomba eti?”

Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi. “Mphwanga, limenelo ndi botolo la madzi.”

“Nanga kiyiyu? Si wa kosungira mfuti?”

“Wa kuchimbudzi.”

“Malembawa akuti chiyani? Kupambana kapena kufa?”

“Akuti, tikubwera, pirirani pang'ono.”

Ndinafuna kuwamenya, koma ndi akuluakulu. Ndinakamenya pilo.

Ntchito ya gulu lathu ndi iyi. Kampani ili ndi alonda pa mageti ambirimbiri, m'mahotela, m'malo oimika galimoto, m'mipanda ya nyumba za anthu olemera. Lamulo ndi loti geti silikhala lokha ngakhale mphindi imodzi. Koma mlonda ndi munthu. Ali ndi mimba, ali ndi chikhodzodzo, ali ndi Mulungu wake wofuna kumupembedza pa nthawi yake. Ndiye zikamuthina amaitana pa wailesi ya m'manja, ija timati ovaova, ife n'kuthamanga pa minibasi yathu kukaima m'malo mwake mpaka abwerere. Timanyamulanso madzi, ayezi, mabatire, maambulera, ndi makoni, zipewa zosongoka zapulasitiki zija amaika pamsewu. Amalawi akamaitana amati, “Sapoti, sapoti, tandigwirirekoni!” Dzina n'kutimata pomwepo: a Gwirireko. Lero ngakhale anyamata a ku Nepal ndi a ku Uganda, zikawavuta, amakuwa pa ovaova, “Gwirireko, gwirireko, please!” Chichewa chafika patali chifukwa cha chikhodzodzo.

A Banda amati tisadzione otsika. Amati agogo awo anali mtengatenga pa nkhondo ya azungu, ankasenza katundu wa asilikali pamutu, opanda mfuti, opanda mendulo, koma akanangokhala pansi nkhondo yonse ikanagona ndi njala. Zimenezo ndi zoona ndipo ndimazinyadira. Popanda ife Doha yense angaone alonda akuvina gule wachilendo pa mageti. Koma kunyadira kwina, Ubrigediya kwina.

Tsono gulu lililonse la nkhondo limakhala ndi mbiri ya nkhondo zake. Yathu imasungidwa ku ofesi m'mafayilo, aliyense yake. Ukalakwa amakupatsa kalata ya chenjezo, timati woning'i. Mawoning'i atatu, tikiti ya ndege, moni kwanu. Wotipatsa ndi supavaiza wathu, tinamutcha Bwana Yalla poti pakamwa pake sipachoka mawu akuti yalla, ndiye kuti fulumirani. Ngakhale ukudya, yalla. Ngakhale ukuyetsemula, yalla.

Ku ofesi komweko kuli mnyamata wa ku Zomba, Wayisoni. Ndi wamng'ono kwa ine, mikono ngati mapesi, sangathamangitse ngakhale bakha. Koma ali ndi pepala la Fomu 4. Ndiye amakhala m'chipinda chozizira, akuyang'ana mageti onse pa makanema, n'kumatiuza kopita. Amavala juzi, ana inu. Juzi! Mu Ogasiti! Pamene ine panja thukuta likutsikira m'jombo mpaka ndikamayenda zimalira tchwa tchwa. Tadala, ukumva? Kusiyana kwa ine ndi Wayisoni si nzeru ayi. Ndi Lolemba limodzi.

Nkhondo yoyamba inali ku Al Thumama, ku bwalo la mpira looneka ngati kofiya lija, m'masiku a mpira waukulu wa dziko lonse. Anandipatsa chidzanja chachikulu chasiponji cholozera anthu njira ya ku sitima. Mzungu wina wopenta nkhope anandifunsa kuti sitima ili kuti. Ndinaloza. Anabweranso. Ndinaloza. Anzake akujambula, akuseka. Atabwera kachisanu ndi chimodzi ndinatola koni n'kumuveka kumutu mpaka m'mapewa, n'kumutembenuzira kumene kuli sitimako. Anafika bwino ndithu. Ine ndinalandira woning'i yoyamba.

Yachiwiri anaiputa ndi Wayisoni. Minibasi inachedwa, mlonda wina atathinidwa zoopsa, ine ndikukalipira dalaivala. Wayisoni pa ovaova, ndi kamawu kake kozizira, anati, “Akulu, tachitani monga mwa dzina lanu. Fatsani.” Ndinadina batani n'kumufotokozera mmene mutu wake unapangidwira, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, ndi nyama zimene amafanana nazo. Ndinaiwala kuti ovaova imamveka pa mageti onse. Bwana Yalla Chichewa sadziwa, koma anati mkwiyo sufuna womasulira. Mawoning'i awiri.

Tsopano ndafika pa chithunzi chija chili pakhoma panu, chimene Esinati anachiika mu felemu. Esinati, apa werenga pang'onopang'ono.

Linali Lachisanu, tsiku lopuma. M'chipinda mwathu anali atangoikamo eyakoni yatsopano, makina oziziritsa m'nyumba. Pa makinawo panali pepala lomata la nyenyezi zonyezimira. Ndinaliyang'ana, linandiyang'ana. Ndinabwereka sizasi, ndinadula nyenyezi zitatu za phewa ili, zitatu za phewa ilo, n'kuzimata ndi selotepi. Dzanja la malaya ndinalipinda mwaluso kuti mawu oti SUPPORT abisike, patsale BRIGADE. Ndinayenda mpaka ku Al Doha Al Jadeeda, ndinapeza chigalimoto cha eni chachikulu chitaima, ndinatsamira ngati changa, mnzanga n'kujambula mwachangu alamu isanalire. Ndinatumiza kumudzi ndi mawu oti, “Moni kuchokera kwa Brigediya.” Ndingathe kunama kuti zinali nthabwala. Theka linali nthabwala. Theka linalo ndinkafuna kuti ku Mponela anene kuti mwana uja anathawa sukulu uja waphula kanthu.

Nyota zimenezo, Tadala, tanthauzo lake ndi loti makinawa sadya magetsi ambiri. Ndiwo udindo umene waulumira khutu. Agogo ako sadya magetsi ambiri.

Gifiti ananena zoona. Ndine mlonda. Ndipo anandikweza, poti ine ndine mlonda wogwirira alonda. Chithunzicho musachichotse, ndikudziwa chikuphimba mng'alu wa pakhoma, koma muzichiyang'ana mukudziwa.

Ndikudziwa zimene ukuganiza pano, poti magazi ndi amodzi. Ukuti: chabwino, ndalakwitsa, koma kuima pa asembule, anyamata a Sitandade 5 akuseka, Gifiti ali ndi bandeji yake akunyada, ine n'kunena mawu amenewo? Bola kufa. Ndiye imva nkhondo yachitatu, imene sindinauzepo munthu aliyense kumudzi.

Munali mu Januwale, nyengo imene kuno kumazizira mpaka anthu amatulutsa mipando panja. A Banda amalondera geti la mpanda wina wa nyumba zikuluzikulu ku Al Thumama. Chikhodzodzo chawo ndi chaching'ono ngati kapu ya tiyi, ndiye pa tsiku amaitana kangapo. Tsiku limenelo cha m'ma teni m'mawa ndinafika, iwo n'kuthamanga mokoka miyendo. Ndangoima chomwechi, kuseri kwa khoma la nyumba yoyandikana ndi geti ndinamva mawu.

“Gwirireko! Gwirireko!”

Kenako kuseka. Kuseka kwachipongwe, kokhala ndi kachifuwa kumapeto.

Ndinati ameneyu ndi Mmalawi, dalaivala wa m'nyumbamo, wakhuta mpunga wa abwana ake. “Ndani ameneyo?”

“Gwirireko!”

“Akulu, tilemekezane. Ndili pa ntchito.”

“Yalla, yalla! Gwirireko!”

Magazi anakwera kumutu. “Tuluka ngati ndiwe mwamuna! Galu iwe!”

Anaseka.

Ndinakwera pa mpando wa a Banda, koma khoma linali lalitali, ndinkangoona nsonga za maluwa. Ndinakuwa “galu iwe” mwina kakhumi, mwina kuposa, ndi zina zimene Esinati sangawerenge pamaso panu. Iye yankho lake limodzi lomwelo. Geti sindikanalisiya, lamulo ndi lamulo. Ndiye ndinatuma nthumwi. Ndinavula jombo yakumanja n'kuiponya kudutsa khoma.

Kunamveka phwaa! Kenako mayi wina kukuwa mwachiarabu. Kenako zii.

Ndinatsika pampando n'kuima bwinobwino, phazi limodzi jombo, linalo sokosi yobooka chala chachikulu chili panja. Patapita kanthawi kageti kakang'ono kanatseguka. Anatuluka achemwali ena, dzina lawo a Lavunesi, mayi wa ku Balaka wogwira ntchito m'nyumbamo, atanyamula jombo yanga ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

“Achimwene, katunduyu ndi wanu?”

“Ndi wanga. Kamuuzeni mwamuna wanuyo atuluke tionane.”

“Mwamuna wanga ali ku Balaka, akulima thonje. Amene mukulimbana nayeyu ali ndi nthenga.”

“Nthenga?”

“Ndi chinkhwe, achimwene. Mbalame. Chimakhala pakhonde apa, chimamva a Banda tsiku lililonse akuitana pa ovaova. Mwatukwanizana ndi mbalame theka la ola, ndipo mmene ndimamvera ine, yapambana ndi mbalameyo.”

Jombo ija inali itagwera pa thireyi ya tiyi ya mwini nyumba, gogo wachiarabu amene onse amamutcha Mama. Makapu atatu anasweka.

Bwana Yalla anafika n'kutsika minibasi isanazime n'komwe, pepala lili kale m'manja. Wayisoni anali ataona zonse pa kanema wake, ndipo ndikukhulupirira kuti anathandiza kulitayipa mokondwa.

“Fatsani, khalas,” anatero Bwana Yalla, ndiye kuti zatha. Anaimika zala zitatu. “Three. Airport.”

A Banda anali atabwerako, akumanga lamba. Anachonderera, anagwira Bwana Yalla dzanja, anamutcha habibi, ndiye kuti wokondedwa, anatchula ana awo ndi ana anga omwe ndilibe. Achemwali a Lavunesi analowa m'nyumba n'kubweranso ndi uthenga. “Mama akuti alibe naye chifukwa mwanayu. Akuti alowe adzapepese, nkhani ithe.”

Pakamwa panga panatseguka pokha. “Ndipepese ine?”

Mawu omwe aja, ana inu. Sanakalambe ngakhale pang'ono. Anangodikira zaka zonsezi pansi pa lilime.

A Banda anandikokera kuseri kwa minibasi. Sanalalikire. Anayang'ana sokosi yanga, anayang'ana nkhope yanga, n'kunena motsitsa mawu, “Mphwanga, ukakatsika basi pa Mponela, anthu akakufunsa kuti wagonja pa nkhondo yanji, ukawauza chiyani?”

Ndinaganiza. Ndinaona Esinati atagwira m'chiuno. Ndinaona kabaza wanga wakale akundidikira ndi tcheni chake chodukaduka. Ndinavala jombo.

M'katimo munali pakhonde lalikulu la matailosi, Mama atakhala pa mpando wa khushoni, kamunthu kakang'ono kovala zakuda, maso akuthwa ngati a mphunzitsi wa masamu. Pambali pawo chikhola chagolide, m'katimo mdani wanga. Wotuwa, mchira wofiira. Dzina lake Sultan. Achemwali a Lavunesi anandinong'oneza kuti nayenso ndi wa ku Africa. Ndinati ndiye n'chifukwa chake mwano.

Mama anayankhula, a Lavunesi akumasulira. “Akufunsa kuti mawu mumakuwa aja, galu iwe, amatanthauza chiyani.”

Bwana Yalla anatulutsa cholembera.

A Lavunesi sanaphethire n'komwe. Anayankha okha mwachiarabu chawo chothyokathyoka, kenako n'kundiuza m'Chichewa, nkhope ili gwa ngati ali mu tchalitchi, “Ndawauza kuti ndi moni wa kwathu. Amatanthauza bwenzi lokhulupirika losamalira pakhomo. Musanditsutse, achimwene, mungafe.”

Mayi ameneyo Mulungu amudalitse, thonje lake lichuluke.

Ndinagwira manja kumbuyo, ndinayamba, “Mama, pepa…”

Mama anakweza dzanja. Anayankhulanso.

“Akuti iwo simunawalakwire, makapu ndi makapu. Akuti amene mwamuopseza ndi Sultan, taonani wasiya kudya. Mupepese kwa iyeyo.”

Ndinayang'ana a Banda. A Banda anayang'ana kudenga. Mapewa awo ankagwedezeka.

Ana inu, ine ndanyamulapo matumba a feteleza awiri pa kabaza kukwera chitunda. Sanalemere ngati mawu amenewo. Ndinaima njo pamaso pa chikhola, jombo pamodzi, chifuwa panja, baji ya kabawi ikuyang'anizana ndi chinkhwe. Ndinamenya sawatcha.

“Pepani bwana.”

Sultan anatembenuka n'kundionetsa mchira.

“Akuti sanamve,” anatero a Lavunesi. “Mukweze.”

“Pepani bwana!”

Anatola njere ya mpendadzuwa, anaisenda mosafulumira, khoko n'kulavulira pa jombo yanga.

“Yalla, Fatsani,” anatero Bwana Yalla. “From the heart.”

Ndinatseka maso. Ndinakuwa mpaka mphaka wa m'nyumbamo anathawa. “PEPANI BWANA!”

Mbalame ija inatembenuka pang'onopang'ono, inapendeketsa mutu, inandiyang'ana ndi diso limodzi. Kenako, ndi mawu anga enieni, ndi ukali wanga womwe, inati:

“Galu iwe.”

Mama anawomba m'manja ndi chisangalalo. Sultan waphunzira moni watsopano! Anaitanitsa tiyi wina, anandipatsa zipatso za kanjedza zodzaza dzanja. A Banda anatuluka panja mothamanga, ndipo ulendo umenewo sunali wa chikhodzodzo, ndinawamva akulira ndi kuseka kuseri kwa khoma. Bwana Yalla anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba.

Titabwerera mu minibasi ndinadzifufuza. Miyendo iwiri. Manja awiri. Mutu uli pamalo pake. Sindinafe, Tadala. Ndinayembekezera imfa mpaka madzulo, siinabwere. Anyamata anandiseka sabata imodzi, sabata yachiwiri dalaivala wathu anagunda ngolo ya zinyalala akubwerera m'mbuyo, onse n'kusamukira kwa iye. Manyazi ndi choncho, sakhalitsa pa munthu mmodzi, ali ndi anthu ambiri oti awayendere.

Ndiye Lolemba uvale yunifomu yako, uchape kumaso, ukaime pa asembule. Akaseka, aseke. Iwe mwayi wako ndi woti ukupepesa munthu, wa dzina, wa makolo ake odziwika, amenenso ananena zoona. Ine ndinamenyera sawatcha chinthu choikira mazira. Ukamaliza ukalowe m'kalasi ukakhale pa desiki yako, ndipo usadzukepo mpaka adzakupatse pepala. Ndikadzamva kuti Lachiwiri lakupeza kunyumba, ndikwera ndege ndi ndalama zanga, ndipo udzadziwa kuti agogo ako ngakhale alibe nyota, mawu ali nawo.

Ku Al Thumama ndimapitabe, poti a Banda sanasinthe. Sultan anasunga zonse ziwiri. Aliyense wolowa pa geti limenelo, kaya ndi dokotala, kaya wobweretsa gasi, kaya alendo olemekezeka a Mama, amalandiridwa ndi mawu a agogo anu ochokera kuseri kwa khoma: “Pepani bwana! Galu iwe!”

Iwe Lolemba ukanene oyambawo okha. Achiwiriwo ukamezere m'mimba.